Zaka 13 ndikuphunzitsa masewera anayi pa koleji: ndisiye atatu ndigwire amodzi?

Mphunzitsi wa ku Mufakose:

Moni nonse abale anga a m'gulu lino. Ndakhala ndikuwerenga zanu mwakachetechete kwa nthawi yaitali, lero ndabwera ndi yanga. Ndi yaitali pang'ono, mundipirire.

Ndimaphunzitsa masewera olimbitsa thupi pa koleji ina yosula aphunzitsi muno mu Harare. Agogo anga aamuna anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya njanji, bambo anga anabadwira ku Rugare, ine ndinakulira ku Mufakose, ndipo mpira ndinauyambira kumeneko, wamapepala womanga ndi mphira. Pa koleji ndinalowa mu 2012. Tsiku loyamba anandipatsa makiyi a kachipinda kosungira zipangizo. Ndikukumbukira bwino zimene ndinapezamo: mipira ya miyendo itatu, iwiri yophwa, ukonde wa volleyball wobooledwa ndi makoswe, mabibu a netball osowa la WD (wotchinga wa m'mbali), wezulo mmodzi wa dzimbiri ndi thumba la laimu lotsala theka. Palibe anandiuza kuti iwe ukhala kochi wa chakuti. Pa koleji yathu amene wasunga makiyiwo ndiye kochi wa zonse.

Choncho chaka changa chimayenda motere. Januwale mpaka Malichi ndi zothamanga. Bwalo lathu ndi la kapinga, mizere timajambula tokha. Ndimadzuka 4 koloko kuti ndipeze kombi yoyamba, ndikafika ndimakhoma chikhomo pakati, kumanga chingwe, kuyeza ndi tepi kuti njira yamkati ikwane mamita 400, kenako njira iliyonse mamita 1.22 m'lifupi. Chovuta kwambiri ndi poyambira pa 200 ndi 400, chifukwa wa kunja amayenera kuyambira patsogolo, ukalakwitsa pang'ono wabera mwana wa eni. Ukamaliza kuthira laimu mvula ya Febuluwale n'kubwera usiku, m'mawa bwalo lili mbee ngati sunagwirepo. Tinafika pomapempha oyilo wakuda kwa amakaniko, chifukwa iyeyo amawotcha udzu ndipo mzere umakhala mpaka mpikisano. Kukayamba kuzizira timalowa mpira wa miyendo wa anyamata ndi netball, ntchemberembaye uja, ya atsikana. Volleyball ya onse awiri ndimaifinyira madzulo dzuwa likupendeka. Ndiye timu ukangoimanga bwino, theka la osewera amapita ku TP, kukayeserera kuphunzitsa kumasukulu, matemu angapo, uyambirenso ndi atsopano.

Sindikudandaula ayi, ntchitoyi ndimaikonda, ndipo pali chinthu chimene ndimachiona chifukwa choti ndimakhala ndi ana omwewo chaka chonse. Kunabwera mtsikana wina wochokera ku Mutoko, ankasewera pakati pa netball. Kuponya mpira sankatha kwenikweni, koma ndinaona kuti chigawo chachinayi anzake onse atagwira m'chiuno, iye ankabwerera m'mbuyo ndi liwiro lomwe anayamba nalo, kupuma kwake kuli phee. Januwale wotsatira ndinamuika pa mamita 800. Anakana, akuti sanathamangepo chibadwire. Ulendo woyamba anathamanga opanda nsapato, nafika kumapeto n'kundifunsa ngati atha kale. Anatiimirira ku masewera a makoleji zaka ziwiri, ndipo lero ali pa sukulu ya kumudzi, amanditumizira zithunzi za ana ake othamanga. Goloboyi wabwino koposa amene ndinakhalapo naye ndinamutola ku volleyball, nditaona mmene ankadzigwetsera pansi osaopa. Kochi wa masewera amodzi anthu awiriwa sakanawaona.

Koma pali china chimene chimandisowetsa tulo. Mu 2023 tinapita ku masewera, ndondomeko n'kugundana: anyamata ndime yachibwereza ya mpira, atsikana ya netball, nthawi imodzi, mabwalo otalikirana. Ndinasiyira kaputeni wa atsikana, ine n'kupita kwa anyamata. Chigawo chachiwiri GA wathu, mmodzi wa oponya zigoli, anatera moipa, bondo linachita phokoso, anagwa, n'kudzukanso. Anzake anamupaka mankhwala otentha aja, anamumanga bandeji, nasewera mpaka mapeto chifukwa panalibe womuuza kuti khala pansi. Pofika ine bondo linali ngati dzungu. Mpaka lero akakwera masitepe amagwira khoma. Anali ndi zaka 21.

Tsopano nkhani yabwera. Kalabu ina ya mpira wa miyendo ya mu Division One, ligi ya pansi pa ligi yaikulu, yandifuna kuti ndikhale wachiwiri kwa kochi. Ndili ndi laisensi ya ukochi ya CAF C, ya bungwe la mpira la mu Africa, iwo akuti adzandithandiza kupeza B. Koma zokonzekera zawo ndi masana aliwonse, masewera Loweruka, kutanthauza kuti zina zonsezi ndizisiye, mwinanso ntchito yeniyeniyo m'tsogolo muno. Mayi a kunyumba akuti ndalama ya boma ndi yochepa koma tsiku lake limadziwika. Ine ndili ndi zaka 42 ndipo ndikaona mapepala anga, paliponse ndili pa sitepe yoyamba: pang'ono za mpira, pang'ono za kuthamanga, pang'ono za volleyball, za netball ndilibe n'komwe. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, nanga ine anayi?

Amene munadutsamo m'zoterezi, ndithandizeni maganizo. Kodi munthu angakalambe ndi ulemu ali kochi wa masewera ambiri, kapena ndikungodzinamiza?

Agogo a ku Highfield:

Aphunzitsi, mwana wanga, ndawerenga kawiri. Ine ndinayamba kuphunzitsa mu 1974 ndipo ndinapuma kalekale. Nthawi yathu mphunzitsi wa Grade 6 ndiye anali wa mpira, wa kwaya, wa zothamanga, ndi wa dimba la sukulu. Mizere tinkajambula ndi phulusa lochokera m'makhitchini a makolo, ana akubwera nalo m'zitini. Ndiye mwanditengera kutali.

Ndikufuna ndikukumbutseni mbiri imene mwina munaiphunzira koma simunailumikize ndi moyo wanu. Basketball anaiyambitsa James Naismith mu 1891 ku Springfield, ku America, pa sukulu ya YMCA yosula anthu odzaphunzitsa masewera, chifukwa ankafuna chochita ophunzira ake m'nyengo ya chisanu. Volleyball yanuyo inabwera mu 1895 ndi William Morgan ku Holyoke, amene anaphunzira ku Springfield komweko. Netball inaphuka kuchokera ku basketball ku England, pa koleji ya mayi Martina Bergman-Österberg yosula aphunzitsi aakazi a masewera, ndipo malamulo ake oyamba anasindikizidwa mu 1901. Mwaona? Masewera atatuwa sanabadwire m'makalabu. Anabadwira m'manja mwa anthu a ntchito ngati yanu, osunga makiyi a kachipinda.

Ku Springfield komweko kunali mnzake wa Naismith dzina lake Amos Alonzo Stagg. Pa masewera oyamba a basketball oonetsa anthu mu 1892, aphunzitsi anagonja kwa ophunzira 5 kwa 1, ndipo chigoli chimodzicho anagoletsa ndi iyeyo. Chaka chomwecho anapita ku University of Chicago, kumene anakhala kochi wa mpira wawo uja wovala zisoti kuyambira 1892 mpaka 1932. Pa nthawi yomweyo anaphunzitsa baseball zaka zambiri, zothamanga zaka zambiri, ndi basketball nyengo imodzi. Atakwana zaka 70 anamuuza kuti apume. Iye anakana kukhala pakhonde, anapita ku College of the Pacific ku California mpaka 1946, ndipo mu 1943, ali ndi zaka 81, anasankhidwa kukhala kochi wopambana wa chaka. Anamwalira mu 1965 ali ndi zaka 102. Panalinso John Heisman, amene dzina lake lili pa mphoto yaikulu ya osewera mpira wa m'makoleji kumeneko: ku Georgia Tech anaphunzitsa mpirawo, baseball ndi basketball.

Ndivomere kuti imeneyo inali nthawi ina. Kunalibe za malaisensi, ndipo masewerawo anali akadali ana. Lero ku America makochi a m'makoleji akuluakulu amagwira amodzi basi. Koma funso lanu linali loti kodi munthu angakalambe ndi ulemu, ndipo ine ndikuti inde.

Chinanso, inu simuli pa koleji wamba. Amene mukuwaphunzitsawo mawa akakhala okhaokha pa sukulu ya ku Gokwe kapena ku Muzarabani, kopanda kochi wina aliyense, ndipo ahedi akawapatsa makiyi monga anakupatsirani inu. Amene anakuonani mukukoka chingwe m'mawa uja ndi amene akajambule bwalo kumeneko. Kalabu ikupatsani anyamata 25. Kolejiyo imakupatsani ana a m'masukulu amene simudzawaona n'komwe. Ine ndikanakhala inu sindikanachoka.

Za mtsikana wa bondo uja zandikhudza. Ndinali ndi mnyamata amene anathyoka mkono pa kulumpha m'mwamba mu 1981, tikugwiritsa utuchi m'malo mwa matiresi. Dzina lake ndimalikumbukirabe.

Amayi a netball ku Chitungwiza:

Agogo, ndi ulemu wonse, mbiri mwaifotokoza bwino ndipo ndaphunzirapo, koma ine ndiyankhula mosiyana nanu.

Achimwene a ku Mufakose, ndine woyimbira netball ndipo ndimaphunzitsa timu ya atsikana kuno kwathu. Ndili ndi funso limodzi, musakhumudwe nalo. Tsiku limene ndondomeko inagundana, n'chifukwa chiyani munapita kwa anyamata? Bwanji simunasiyire kaputeni wa mpira, inu n'kukhala ndi atsikana? Ndafunsa chifukwa ndaziona kambirimbiri. Kochi akagwira masewera ambiri, sikuti amawagawira mtima mofanana. Mpira wa miyendo umadya nsima, netball imanyambita m'poto. Basi ikachepa otsala ndi atsikana. Yunifolomu yatsopano ikabwera ndi ya anyamata. Mwanena nokha kuti pa masewera anayiwo, amene mulibe pepala lililonse ndi netball. Zaka 13, achimwene.

Ndikuuzeni za bondo lija, popeza ndi zimene ndimakhala nazo. Netball ili ndi lamulo la mapazi: ukawakha mpira, phazi limene watera nalo sungalinyamule n'kulipondanso usanaponye, ndipo uli ndi masekondi atatu okha. Choncho mtsikana amabwera ndi liwiro lonse n'kuima dzidzidzi pa mwendo umodzi, nthawi zambiri pa simenti kapena phula, thupi likutembenukira kwina. Bondo likalowa mkati pamenepo, mtsempha wa m'kati umene madokotala amautcha ACL umatha kuduka. Zizindikiro zake ndi zomwe mwatchulazo: kaphokoso, kugwa, kenako kutupa m'maola ochepa. Choopsa n'choti munthu amatha kudzuka n'kuyenda, ndiye anzake amati ndi kubinya chabe. Amene amadziwa netball akangomva za phokosolo amatulutsa mwanayo pompo, osakambirana, kuika madzi oundana ndi kupita naye kuchipatala. Ndipo zambiri zimapeweka pokonzekera. Ine atsikana anga asanagwire mpira amatha mphindi khumi akungophunzira kutera: mawondo opinda, bondo lilunjike chala chachiwiri cha phazi, kutera mofewa kuti ndisamve phokoso la nsapato. Amadandaula kuti n'zotopetsa, koma ndimaumirira.

Sindikunena izi kuti ndikupwetekeni. Ndikufuna muone kuti masewera aliwonse ali ndi zakuya zake zimene sungazidziwe pongodutsa. Malamulo enieniwo amasintha. Kuyambira 2024 zoponya mpira m'mwamba pakati pa osewera awiri zija zinachotsedwa, ndipo timu ikhoza kusintha osewera chigoli chikangolowa. Ndakumana ndi matimu a m'makoleji amene makochi awo amakangana nane pabwalo ndi malamulo akale.

Taonani kumene masewerawa afika. Ma Gems, timu ya dziko lino la Zimbabwe, anapita ku World Cup koyamba mu 2019 ku Liverpool n'kumaliza pa nambala 8 mwa matimu 16, ma Queens a kwathu ku Malawi ali pa 6. Ku Cape Town mu 2023 ma Queens anali pa 7, ma Gems pa 13. Ife a kuno timasangalala kawiri, mbali zonse ndi zathu. Atsikana a m'makoleji amaziona zimenezi pa foni, ndipo ena mwa iwo ali ndi msinkhu ndi manja oti akhoza kufika kumeneko. Akuyenera munthu amene netball ndi yake yoyamba, osati yachinayi.

Za kalabuyo sindikudziwani mtima wanu, musankha nokha. Koma kaya mupita kaya mukhala, netball muipereke. Mwa ophunzira anu akale onsewo palibe mmodzi wokhala mu Harare amene angabwere kawiri pa sabata? Mutu umodzi susenza denga. Diso lanu lotola wothamanga pakati pa netball ndi mphatso, ndikuvomereza, ndipo mukhoza kumaimabe pambali pa bwalo n'kumaona. Kuona ndi kwina, kuphunzitsa ndi kwina.

Mnyamata wa ku Mbare:

Akochi, ine ndingonena za kalabu, poti ndinasewerako Division One zaka zinayi bondo langa lisanandikanike.

Choyamba funsani kuti zoti adzakuthandizani B zilembedwe papepala, ndi ndalama yake, ndi chaka chake. Pa kalabu ina imene ndinali, m'nyengo imodzi tinaona makochi atatu. Woyamba anachotsedwa titagonja masewera anayi otsatizana, ndipo wachiwiri wake anapita naye limodzi ngakhale sanalakwe kanthu, chifukwa wobwerayo amabwera ndi munthu wake. Ndalama ya mwezi inkabwera mwini timu akagulitsa katundu. Tinapitapo ku Kariba m'mawa wa tsiku la masewera, kutsika basi miyendo ili dzanzi, kutentha kuja, n'kulowa m'bwalo titadya mabanzi ndi zakumwa.

Chachiwiri, makwerero ake ndi aatali. Kuti mukhale kochi wamkulu mu Premier League ya muno pamafunika CAF A. Inu muli pa C. Kumbukiraninso kuti FIFA inaimitsa dziko lino kuyambira Febuluwale 2022 mpaka Julaye 2023, ndipo anthu ambiri ofuna mapepala anachedwa, ena anakaphunzira kunja ndi ndalama zawo. Pamzerewo pali anthu amene anasewera mu ligi yaikulu, odziwika ndi mabwana a matimu. Ngakhale a Moses Chunga, amene ambirife timawatenga ngati athu, munthu woti anasewera ku Belgium ndipo anatenga ligi ndi Gunners mu 2009, taonani mmene ayendera: Dynamos, Gunners, CAPS United, Harare City. Ntchito yake ndi yotero, chikwama chimakhala chomangamanga.

Sindikuti musapite. Ngati mukamva phokoso la ku bwalo la Rufaro mtima umagunda, palibe angakuletseni, ndipo zaka 42 si zambiri kwa kochi. Koma B mukhoza kuipeza muli pa koleji pomwepo, timu muli nayo kale yophunzirirapo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Amayi akunyumbawo akunena zoona.

Mwati goloboyi munamutola ku volleyball? Ameneyo ali kuti pano? Timu ya m'dera lathu ikusowa goloboyi.

Mphunzitsi wa ku Mufakose:

Zikomo nonse. Ndachedwa kuyankha chifukwa funso la amayi a ku Chitungwiza ndakhala nalo masiku awiri.

Achemwali, yankho loona ndi ili. Ndinapita kwa anyamata chifukwa akuluakulu a koleji anali kumeneko, anthu oonerera anali kumeneko, ndipo ndinkadziwa kuti Lolemba adzandifunsa za mpira osati za netball. Ndinadziuza kuti kaputeni wa atsikana ndi wanzeru, atha yekha. Analidi wanzeru, koma anali wophunzira, ndipo za phokoso la bondo sankazidziwa chifukwa ine amene ndinayenera kumuphunzitsa sindinkazidziwanso. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikunena kuti inalakwa ndi ndondomeko. Za kusintha kwa malamulo mu 2024 ndinamva theka, zosintha osewerazo ndaziwerenga dzulo usiku.

Agogo, za Springfield ndinaziphunzira pokonzekera mayeso n'kuziiwala. Sindinaganizepo kuti anthu amenewo anali aphunzitsi a aphunzitsi. Ndiwawerengera ophunzira anga a chaka choyamba zimene mwalembazi, ngati mundilola. Ndipo mundiuze tsiku limene ndingakupezeni ku Highfield, ndikufuna mundifotokozere mmene munkayezera poyambira pa 400 nthawi yanu.

A ku Mbare, kalabu ndaiuza kuti chaka chino ayi. Sanakondwe, koma sitinayambane. Goloboyi uja akuphunzitsa ku Bindura, ndimufunsa ngati angafune kuti ndikupatseni nambala yake.

Dzulo ndinayimbira mtsikana wina amene anali GK wathu, wotchinga pagoli pa netball, mu 2016, pano akuphunzitsa ku Glen View ndipo akusewerabe mu ligi. Wavomera kubwera Lachiwiri ndi Lachinayi ngati koleji ingamupatse ya kombi, ndipo kalata yopempha zimenezo ndalemba kale. Ine nditsala ndi zothamanga ndi mpira, volleyball ndikuyang'anabe woti tigawane.

Achemwali a ku Chitungwiza, ndili ndi pempho. Kodi mungabwere Lachitatu lina masana mudzationetse zotera zija, atsikana, kochi watsopanoyo ndi ine ndemwe? Bwalo lathu ndi la simenti, lili ndi mng'alu mbali ya kum'mawa umene ndikufuna muuone musanayambe. Ya transipoti ndilipira ndine. Mukatsikira ku Charge Office mundiimbire, ndidzabwera kudzakutengani.